Foni ya Malemu

Foni ya bambo anga sinamve za maliro.
Tinawaika Lachinayi kumanda a ku Kawale,
Loweruka inalira m'thumba la jekete lawo
lokolekedwa kuseri kwa chitseko:
"Okondedwa a Lifeyo Chimphonda, mwasankhidwa!
Ngongole ya theka la miliyoni ikukudikirani. Dinani 1."

Amayi anati, inde, anasankhidwadi,
napitiriza kuwerenga mbale zobwereka kumpingo.

Zaka makumi awiri ndi zitatu
akulondera geti la eni ake ku Area 43,
usiku chibonga m'manja, m'mawa njinga mpaka ku Biwi.
Ankatiuza, ndalama ya pansi pa mphasa imadyedwa ndi chiswe,
ikani kubanki, ana inu.
Sanadziwe kuti chiswe china chimavala tayi.

Ndinatsika minibasi ku City Centre
ndi envulopu yakhaki kukhwapa:
kalata ya imfa, chiphaso chawo, chidindo cha kwa DC.
Makina anandilavulira nambala 114.
Pakhoma, banja la mano oyera likulandira makiyi a nyumba,
likatha, liyambiranso kulandira.
Nsapato zanga zinasiya fumbi la ku Biwi pamatailosi,
wokolopa anandilondola mpaka pampando.

Mtsikana wa pawindo lachitatu,
dzina lake pachifuwa: Lonjezo.
Anasindikiza mapepala anayi,
nati kusindikizako nakonso n'kolipira.

Ndinawerenga ndi chala ngati mwana wa sitandade wanu.
Ya kusunga buku, mwezi ndi mwezi.
Ya kutapa pamakina.
Ya kufunsa makinawo kuti zatsala zingati,
ndipo bambo ankafunsa kawirikawiri,
poti sankakhulupirira maso awo.
Ya uthenga wowauza kuti adulidwa.
Kenako, m'zilembo zazing'ono ngati nthata,
inshuwalansi ya maliro
yomwe palibe m'nyumba mwathu anaimvapo.

Mtima unadumpha. Bokosi tinalitenga pangongole ku Mchesi,
kalipentala amabwera madzulo aliwonse, osanena kanthu,
kungokhala pakhonde n'kumayang'ana malata athu.

Lonjezo anagogoda kompyuta, anagogodanso.
"Pepani chemwali, inaduka mu Juni.
Ndalama sizinakwane mwezi umenewo."
Juni, bambo ali gone ku Central,
ife tikusinthana kugona pasimenti panja pa wodi,
banki ili maso, ikubudula pang'onopang'ono
mpaka inshuwalansi yake yomwe inasowa chodya.

Zatsala zikwi zisanu ndi chimodzi.
Kutseka akaunti ndi zikwi zisanu ndi ziwiri.
Ndiye kuti malemu ali ndi ngongole?
Anayang'ana kumbuyo, natsitsa mawu:
"Ingoisiyani, idzafa yokha."
Apo bwana wake anadutsa, kafungo ka perefyumu patsogolo,
Lonjezo anawongola msana, mano panja:
"Nanga inuyo, mwamvapo za khadi lathu latsopano?
Mumagula lero, kulipira mawa."

Sindinamukwiyire.
Ndinaona pepala lomatidwa pambali pa kompyuta yake,
anthu makumi atatu pofika Lachisanu,
iye atachonga asanu ndi anayi.

Ndinayenda wapansi mpaka pa depoti
kuti ya minibasi igule matemba.
Pa mlatho wa Lilongwe anyamata osintha ndalama
anandiitana, sisi, sisi.
Iwowo bola, amakubera akukuyang'ana m'maso.

Dzulo foni ija inaliranso, nthawi ino munthu weniweni:
"Ndikuyankhula ndi a Chimphonda?"
Ndinati asamuka, koma ndikulondolereni:
mukalowa pa geti la manda mukhotere kumanzere,
mzere wachitatu, pomwe nkhata sizinafote.
Mutenge cholembera chanu. Sathamangiranso kuntchito.

Mchimwene akuti ndichotse simu, ndiponye m'chimbudzi.
Ndikuti mawa.
Usiku ndimaitchaja pafupi ndi mutu wanga,
poti mu Lilongwe monse muno
ndani winanso akuwaitanabe dzina lonse,
n'kumawati okondedwa?